Miyezi 14 pa benchi la kliniki ya matenda a maganizo

Ndine telala. Makina anga ali pakhonde la shopu ina ku Kapata, m'tauni ya Chipata, ndipo amene anasoketsako yunifomu ya ana kwa ine andizindikira ngakhale ndisadzitchule. Dzina la mnyamata amene ndikunena pano sindilemba. La chipatala sindilembanso, chifukwa pali zina zimene ndidandaule, ndipo sindikufuna kuti nesi wina amene amagwira yekha ntchito ya anthu atatu akaitanidwe ku ofesi chifukwa cha ine. Ndingoti ndi kliniki ya matenda a maganizo pa chipatala china cha boma kuno kum'mawa kwa Zambia. Takhala tikupitako miyezi 14, poyamba pakatha sabata ziwiri zilizonse, kenako kamodzi pamwezi. Anthu atatu andifunsa kale monong'ona, wina ali mkati moyesa thalauzi, kuti, "Amalume ake, kumene munapita naye kuja kuli bwanji?" Ndatopa kuyankha ndili ndi mapini pakamwa, ndiye ndati ndilembe kamodzi.

Kuli bwino kuposa mmene ndinkaopera, ndipo ndikanadziwa ndikanapita naye miyezi itatu m'mbuyomo. Koma pali zimene anatilakwira, ndipo chimodzi mwa izo chinatsala pang'ono kutibwezera kwa sing'anga.

Mnyamatayu ndi mwana wa mlongo wanga. Atate ake anamwalira iye ali Grade 5, ndipo kwathu mbumba ndi ya malume, ndiye nsapato, mabuku, milandu, zonse zimagwera ine. Anadwala ali ndi zaka 19, atangolemba Grade 12. Tsiku limene ife tinkati ndilo loyamba linali mu January, mvula ili mkati. Mlongo wanga anandiimbira usiku kuti ndifike kwawo ku komboni ya Mchini msanga. Ndinapeza wailesi yawo itakulungidwa m'zitenje ziwiri, itaikidwa pansi, mtondo utavundikiridwa pamwamba pake. Mnyamata anali atakhala pa mtondowo. Nditamufunsa anandiuza modekha, ngati akundiuza mtengo wa shuga, kuti munthu wowerenga zidziwitso za maliro pa Breeze FM akutumiza uthenga kwa anthu amene akumusaka, ndipo mayina a midzi imene akutchulayo ndi njira yofikira panyumbapo. Simu khadi anali ataitaya m'chimbudzi. Nsima ya amayi ake anali ataikana masiku anayi. Ankadya mazira okha owiritsa yekha ndi mabisiketi amene watsegula yekha. Sankagona. Cha m'ma 2 koloko usiku ankazungulira nyumba akuyang'ana m'munsi mwa mawindo.

Zimene tinachita kuyambira January mpaka April ndizidutsa mwachangu, chifukwa nonse mukuzidziwa. Tinapita kuphiri kukapemphera usiku wonse, kawiri. Tinapita kwa sing'anga wina cha kumalire a Mwami, kunapita mbuzi ndi ndalama za makontena awiri a soya. Anamutema mphini m'mutu, anamufukiza. Usiku wina atafuna kuthawa tinamumanga miyendo ndi chingwe cha ng'ombe, ndipo amene anamanga mfundoyo ndine. Pa nthawi imeneyo m'komboni munali mutamveka kale kuti amalume ake amukhwimira kuti makina azibweretsa ndalama. Makina ake ati, Singer yakale imene lamba wake ndinalumikiza ndi waya? Koma anthu ena anasiya kubwera kudzasoketsa, ndipo mlongo wanga weniweni anakhala sabata yathunthu osandiyang'ana m'maso.

Amene anatikankha kupita kuchipatala ndi mphunzitsi wake wakale wa masamu, amene anakumana naye pamsewu akulankhula yekha. Anabwera pakhonde panga nati, "Bambo, mwanayu akudwala. Kupemphera pempherani, koma mawa m'mawa mupite naye."

Tinafika 7 koloko isanakwane. Simungolowera ku klinikiyo. Mumayamba mwadutsa kumene odwala onse amalembetsa, kutenga khadi, kuyezedwa thupi kutentha ndi BP, ndiye amakulozerani kuseri. Palibe chikwangwani chooneka bwino, tinasochera mpaka kochapira zovala. Benchi lake lili m'khonde momwe anthu opita ku mawodi ena amadutsa, ndipo aliyense wodutsa amadziwa kuti benchi limenelo ndi la ndani. Tinakhala pamenepo mpaka 11 koloko. Munthu amene akumva kuti akusakidwa, kumukhazika maola anayi pamalo pamene anthu akudutsa akumuyang'ana, ndi kumuzunza. Kawiri anadzuka kuti azipita, ine n'kumugwira lamba.

Koma zimene zinachitika titalowa ndi zimene zandichititsa kulemba zonsezi. Amene anationa ndi bambo wina wa zaka za m'ma 40. Tonse timamuitana adokotala, ngakhale iye anatiuza yekha kuti ndi clinical officer amene anaphunzira za matenda a maganizo ku koleji ya Chainama, ku Lusaka. Anatikhazika pansi, ndipo ine nditayamba kufotokoza anakweza dzanja nati, "Amalume, mulankhula. Ndiyambe ndamva kwa mwini wake." Miyezi itatu yonse palibe amene anafunsa mnyamatayu kanthu. Tonse tinkalankhula za iye iye ali pomwepo, ngati tikukambirana za ng'ombe yodwala.

Sanamufunse kuti ukudwala chiyani. Anamufunsa kuti wagona liti komaliza, ndipo n'chiyani chimamulepheretsa kugona. Mnyamata anayang'ana chitseko, adokotala anadzuka n'kukachitseka okha. Kenako anafunsa kuti, "Pali mawu amene umamva ena sakuwamva?" Anagwedeza mutu. "Umawamva m'makutu ngati mmene ukundimvera ine, kapena ali m'kati mwa mutu?" "M'makutu." "Ndi angati?" "Awiri. Mwamuna ndi mkazi." "Amalankhula nawe, kapena amakukamba?" "Amandikamba. Ndikanyamula kapu amati taonani wanyamula kapu." Mlongo wanga anagwira pakamwa. Ife tinkaona kuseka yekha ndi kutembenuka mwadzidzidzi, koma za anthu awiriwa tinazimva koyamba tsiku limenelo. Anamufunsanso mosabisa ngati mawuwo amamuuza kuti adzipweteke kapena apweteke wina, ndiponso ngati anaganizapo zodzipha. Ine ndinadzidzimuka, ndinkaona ngati kufunsa zimenezo n'kumupatsa nzeru yoipa. Adokotala anati ayi, kufunsa sikudzala maganizo amenewo mwa munthu, ndipo amafunsa aliyense chifukwa zaka zoyambirira za matendawa ndi pamene ngozi imeneyo imakhala yaikulu. Mnyamata anayankha kuti anaganizapo kamodzi, usiku umene tinamumanga uja. Sindinakweze mutu.

Ndiye anatenga pepala, n'kujambula mzere, n'kulemba April kumapeto kwake, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Mawu anayamba liti? January. Nanga January asanafike? Ife tinati anali bwinobwino. "Ankasewera mpira?" Eya, anali wapagolo wa timu ya m'komboni. "Anasiya liti?" Tinayang'anana. Cha mu June, kukuzizira. "Kutchalitchi?" Kwaya anasiya nthawi yomweyo. "Kusamba?" Amayi ake anati kuyambira cha mu August ankachita kumukakamiza. "Kusukulu?" Mayeso oyeserera anatsika kwambiri, mwana amene masamu ankaphunzitsa anzake. Ankadzitsekera m'chipinda, ife n'kumati akuwerenga, mwana wanzeru. Ena ankati ndi chibwenzi chamukana. Adokotala anati ambiri amene amafika koyamba mbiri yawo imakhala yotere: mawu ndi mantha zisanaonekere pamadutsa miyezi, nthawi zina kuposa chaka, munthu akungozimirira pang'onopang'ono, kusiya anzake, tulo kusokonekera, sukulu kapena ntchito kutsika. Ine wosoka ndinamva bwino, chifukwa chovala sichiyamba n'kung'ambika. Umayamba ndi ulusi umodzi kusololoka, mwini wake osaona. Anatinso chimene iwo amawerengera kwambiri ndi nthawi imene yadutsa kuchokera pamene zizindikiro zaonekera poyera kufika pamene munthu wayamba mankhwala, chifukwa ikatalika kuchira kumavutirapo. Ifeyo inali miyezi itatu. Anati amalandira ena patapita zaka, ndiye tisadzimenye kwambiri, koma sanatinamize kuti miyezi itatuyo inalibe kanthu.

Za chamba anatitulutsa kaye panja n'kumufunsa yekha. Pambuyo pake mnyamata anavomera yekha pamaso pathu kuti anayamba kusuta ali Grade 10, ndipo chaka cha mayeso ankasuta pafupifupi tsiku lililonse. Ine mtima unakhala ngati watsika, ndinati basi, wapezeka mfiti, ndi chamba. Adokotala sanandilole kutsekera nkhani pamenepo. Anati chamba chimakweza ngozi ya matendawa, makamaka kwa amene anayamba ali wamng'ono ndipo amasuta kawirikawiri, ndipo akapitiriza chimabweza matenda ngakhale akumwa mankhwala. Koma alipo ambiri osuta amene sadwala, aliponso odwala amene sanagwirepo ndudu. Ndiye anafunsa funso limene linatikhalitsa chete: "Kumtundu kwanu alipo amene anadwalapo chonchi?" Ine ndinati palibe. Mlongo wanga, amene ndi wamkulu kwa ine, anati, "Analipo amalume athu." Ndinakumbukira kanyumba kakumapeto kwa mudzi kwathu ku Chadiza, ndi munthu wandevu amene ana tinkamuthawa, amene amayi ankamutumizira nsima m'mbale yake yake. Ine ndinakula ndikudziwa kuti analodzedwa pa nkhani ya munda. Adokotala analemba, n'kunena kuti kukhala ndi wachibale wodwala kumakweza mpata, koma si chiweruzo, ana ambiri a m'mabanja otero sadwala.

Anafunsanso ngati anagwapo khunyu, ngati anavulalapo m'mutu, ngati thupi linatenthapo masiku amenewo, ngati amamwa kachasu, ngati ali pa mankhwala ena alionse. Anatituma kukayezetsa malungo, HIV, chindoko ndi shuga. Mlongo wanga anakwiya pang'ono ndi za chindokozo, koma anatifotokozera kuti malungo okwera kumutu, HIV, chindoko chokhalitsa, khunyu, ngakhale kusiya mowa mwadzidzidzi kwa munthu amene anauzolowera, zonsezi zingathe kusokoneza munthu mofanana ndi matenda a maganizo, pomwe mankhwala ake ndi ena. Anatchulanso kuti efavirenz, amene anali m'ma ARV amene anthu ambiri ankamwa kale, ankalotetsa ena maloto oipa ndipo ochepa ankasokonezeka nawo. Zonse zinatuluka bwino. Kuyezako sitinalipire.

Pa khadi analemba kuti first episode psychosis. Ndinamufunsa kuti m'chinenero chathu ndiye kuti chiyani, misala? Anati mawu amenewo iye sawagwiritsa ntchito, chifukwa amatsekera munthu m'thumba limodzi ndi aliyense woyenda ndi nsanza pamsewu. Anati tanthauzo lake ndi lakuti kwa nthawi yoyamba ubongo wa mwanayu ukulephera kusiyanitsa zimene zilikodi ndi zimene ukupanga wokha. Ndinamukakamiza kuti anene dzina lenileni la matenda. Anakana. Anati ena zimawachitikira kamodzi osabweranso, ena zimabwerabwera ndipo pambuyo pake zimadziwika kuti ndi schizophrenia, ena zimadzaoneka kuti ndi matenda aja osinthasintha pakati pa kusangalala kopitirira ndi kukhumudwa kwambiri, ndipo tsiku loyamba palibe angalose molondola. Tsiku limenelo ndinatuluka ndikung'ung'udza kuti munthu wophunzira akulephera kutchula matenda, pomwe sing'anga uja anatchula dzina la wolodza tisanakhale n'komwe pansi. Lero ndimamulemekeza chifukwa cha kukana komweko.

Sanamugoneke. Ichi chinali mantha athu aakulu, kuti amutumiza ku Chainama, ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 500, kumene ife tinakula tikumva ngati dzenje limene wolowamo satuluka. Chipatala chimenecho chinatsegulidwa mu 1962, ndipo dzina lake linasanduka chitonzo mpaka ana a sukulu amanyozana nalo. Adokotala anati popeza sanamenye munthu, akuvomera kumwa mankhwala, ndipo kunyumba kuli anthu omuyang'anira usana ndi usiku, achirire kunyumba. Anafunsa mnyamata mwini ngati akuvomera. Pambuyo pake ndinamva kuti lamulo la Mental Health Act la 2019 limafuna kuti wodwala azilemekezedwa ndi kufunsidwa chonchi. Lamulo limene linalipo kale linali la 1949, nthawi imene Chipata inkatchedwa Fort Jameson, ndipo linkatchula anthu odwala ndi mawu achingerezi otanthauza chitsiru. Tangoganizani, lamulo limenelo lagwira ntchito mpaka ine ndili ndi imvi.

Tsopano cholakwa chachikulu. Anatipatsa haloperidol, timapiritsi tating'ono. Pawindo la mankhwala mtsikana anangolemba mizere pa kapepala, m'mawa ndi madzulo, n'kuitana wotsatira. Palibe anatiuza chimene mankhwalawa angachite sabata yoyamba. Tsiku lachitatu madzulo mlongo wanga anaimba akulira. Ndinakwera honda, njinga yamoto ija, ndinapeza anthu adzaza pakhomo. Mnyamata ali pamphasa, khosi lapindikira kumanzere ngati wina akulipotokola, nsagwada zauma, lilime latuluka, maso atembenukira kudenga, dovu likutsika pa malaya. Ankamva zonse, misozi ikutuluka, koma kulankhula osatha. Agogo ake anali atagwada akufuula kuti, "Ndinanena ine! Ziwanda zakwiya ndi mankhwala achizungu!" Mayi wina woyandikana nawo anali atayamba kale kuimbira mneneri. Kunena zoona nanenso ndinagwedezeka, chifukwa chimene ndinkaona chinali choopsa kuposa matenda amene tinapitira kuchipatala.

Ndinabwereka galimoto ya wogulitsa makala, tinafika kuchipatala cha m'ma 9 usiku. Nesi wa usiku atangomuona anafunsa kuti, "Wayamba liti haloperidol?" Anamubaya jakisoni, ndipo theka la ola lisanakwane khosi linawongoka, lilime linabwerera, mnyamata anapempha madzi. Nesiyo anati zimenezi zimadziwika bwino, zimakonda kugwira anyamata achichepere masiku oyambirira a mankhwala amenewa, ndipo pali kapiritsi kotchedwa benzhexol, ambiri amakatcha Artane, kamene kamaletsa. Ndiye ngati zimadziwika, bwanji osatiuza? Mawu awiri okha pawindo paja akanakwana. Ndikanakhala kuti sindinali pafupi usiku umenewo, mapiritsi akanatayidwa m'chimbudzi momwe munapita simu khadi muja, ndipo m'komboni monse mukanamveka kuti kuchipatala amapha. Ndinakadandaula pa review yotsatira, tsiku lokaonedwanso ndi adokotala. Adokotala sanadziteteze, anati, "Mwanena zoona, ndinayenera kukuuzani ine." Anamusinthira ku risperidone.

Pa risperidone khosi silinavutenso. Tulo tinabwera sabata yoyamba. Mawu aja anayamba kutalikira, iye ankati ali ngati wailesi ya nyumba yachitatu, ndipo pofika sabata yachisanu ndi chimodzi anati sakuwamvanso. Mantha anachedwerapo kutha. Nsima ya amayi ake anayamba kudya koma kwa mwezi wathunthu ankadikira kuti wina ayambe wadyako. Ananenepa, mathalauzi ake onse ndinawafutukula m'chiuno. Vuto ndi lakuti risperidone sapezeka nthawi zonse. Pa miyezi 14 imeneyi, kanayi tauzidwa kuti atha, mukagule. Ku makemisiti a ku Down Shops amapezeka, koma mtengo wa mwezi umodzi umadya ndalama ya mayunifomu angapo. Ine ndili m'tauni ndipo ndili ndi makina. Nanga mayi wochokera ku Vubwi amene wagulitsa nkhuku kuti apeze yokwerera, mukamuuza kuti akagule, mukuganiza kuti akagula?

Benchi lija ndalizolowera, ndipo landiphunzitsa zambiri. Poyamba ndinkaganiza kuti ndikapeza anthu avala nsanza. Ndinapeza ana a anthu. Ambiri obwera koyamba amene ndakhala nawo ndi anyamata a msinkhu wa wathuyu, ongomaliza sukulu, a ku koleji, wina woyendetsa honda. Adokotala anati si mwangozi: matendawa amakonda kuyamba kuchokera kumapeto kwa zaka za m'ma 10 kufika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 30, ndipo amuna amayamba msanga kuposa akazi. Tsiku lina ndinakhala pafupi ndi mayi wachikulire wochokera cha ku Katete atanyamula khanda la sabata zitatu, mwana wake wamkazi atakhala pambali akuyang'ana khoma. Anasokonezeka patangopita masiku ochepa atabereka, ankati khandalo si lake, alisintha. Agogowo ankaganiza kuti ndi mkazi mnzake wamuchita. Nesi anawauza kuti zimachitika kwa mayi mmodzi kapena awiri pa 1,000 alionse obereka, n'zofunika chithandizo chamsanga, ndipo ambiri amachira. Ndinadzawaonanso patapita miyezi iwiri, mtsikana uja atabereka mwana wake kumbuyo akumuseweretsa. Usiku wina ndinafufuza pafoni ndipo ndinapeza kuti bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linkati schizophrenia yokha imagwira munthu pafupifupi mmodzi pa 300 alionse padziko. Ndinawerengera anthu amene amadutsa pa Kapata tsiku limodzi, ndinazimitsa foni.

Chimene sindinazolowere ndi kusowa chinsinsi. Mayina amaitanidwa mokweza m'khonde. Chitseko chimene adokotala anatseka tsiku loyamba chija chimatsegulidwa kasanu pa review imodzi, wina akufuna faelo, wina chidindo. Tsiku lina mlonda analozera munthu njira akunena kuti, "Pitani uko kwa ofuntha," mnyamata wanga ali pomwepo. Sanalankhule kanthu mpaka tinafika kunyumba, ndipo mwezi wotsatira anakana kupita, ndinachita kumunyengerera. Mlonda ameneyo si dokotala, ndikudziwa, koma ndiye munthu woyamba amene wodwala amakumana naye pageti.

Chinanso, kukhala ndi adokotala ola lathunthu kunali kwa tsiku loyamba lokha. Ma review ambiri ndi mphindi zisanu: ukugona, ukudya, mawu abwerera, tenga pepala. Sindikuwaimba mlandu kwambiri, ndawerengapo anthu oposa 40 pabenchi, woona odwala ali mmodzi. Koma mawu atatha panatsala chinthu china chimene palibe anatikonzekeretsa. Mnyamata ankangokhala. Kudzuka 10 koloko, kukhala pa mpando padzuwa, nkhope yopanda chimwemwe yopanda chisoni, ukamufunsa akuyankha liwu limodzi. Amayi ake ankati ndi ulesi, ankamukalipira. Nditafunsa, adokotala anati ndi mbali ya matenda omwewo, nthawi zina mankhwala amawonjezerako, ndipo imachedwa kusintha kuposa mawu aja. Chofunika n'kumupatsa chochita chaching'ono tsiku ndi tsiku popanda kumukalipira, chifukwa nyumba ya phokoso ndi zonyoza imabweza matenda. Malangizo abwino, koma pa klinikipo palibe amene ali ndi nthawi yokhala ndi banja n'kuliphunzitsa zimenezi, palibe gulu la achinyamata odwala loti azikumana. Ndinangomutenga n'kumukhazika pakhonde panga. Sabata yoyamba anasoka mabatani asanu ndi limodzi tsiku lonse.

Mwezi wachisanu ndi chimodzi anasiya mankhwala mobisa. Anali bwino, anatopa ndi kunenepa, ndipo kutchalitchi kwa amayi ake wina anamuuza kuti wochiritsidwa samwa mapiritsi. Mapiritsi ankawaika m'bokosi la mabobini, ndinawapeza ndekha. Patapita sabata zisanu tulo tinathawa, ndipo tsiku lina anandifunsa chifukwa chake kasitomala wina wavala malaya ofiira "dala". Tinapita lisanafike tsiku la review, ndipo anatilandira osatibweza. Apa ndiwayamikire. Adokotala sanamukalipire. Anamufunsa chimene chinamutopetsa, anamvetsera za kunenepa ndi za manyazi omwera mapiritsi pamaso pa anzake, n'kumufotokozera kuti pambuyo pa kudwala koyamba mankhwala amapitirizidwa kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo munthu atachira, ndipo posiya amachepetsa pang'onopang'ono mogwirizana ndi achipatala, chifukwa ambiri osiya okha amadwalanso. Anamuuza kuti palinso jakisoni wa kamodzi pamwezi kwa amene mapiritsi amawavuta. Mnyamata anasankha kubwerera ku mapiritsi, koma amamwera kwanga madzulo tikamatseka. Za tchalitchi adokotala anangoti, "Pemphera, ndipo umwe. Nanenso ndimapemphera." Za chamba amamufunsa ulendo uliwonse. Iye amati anasiya. Ine ndimanunkhiza jekete lake, ndipo amadziwa kuti ndimatero.

Wopita koyamba apite ndi munthu amene amagona nyumba imodzi ndi wodwalayo, chifukwa mafunso ake ndi a tulo, kusamba ndi kudya, ndipo malume wokhala kwina ngati ine theka sangayankhe. Lembani m'kabuku miyezi imene zinthu zinayamba kusintha. Mabotolo a kwa sing'anga musabise, anyamuleni, palibe anatinyoza nawo. Za kumtundu nenani ngakhale zikuwawa. Tengani madzi ndi chakudya, mudzakhalitsa. Ndipo musachoke pawindo la mankhwala musanafunse kuti, "Sabata yoyamba angamuchite chiyani, ndipo zikachitika usiku tipite kuti?"

Pa 10 ndingawapatse 7. Zitatu ndachotsazo ndi za usiku wa khosi uja, za mankhwala osowa, ndi za mlonda.

Review yotsatira ndi Lachiwiri la sabata yamawa, ndipo adokotala anati tikakambirane ngati angalembetse kubwereza masamu ndi sayansi, maphunziro amene anagwa chaka chodwalacho. Pakali pano akupinda m'munsi mwa masiketi a yunifomu, khumi ndi awiri patsiku, mzere wake wowongoka kuposa wanga. Mayi wina mwa amene ankanena zokhwimira zija wabweretsa madiresi awiri sabata yatha, sitinakambe kanthu. Wailesi pakhonde imakhala yotsegula, mpira amamvera mpaka kukangana ndi wometa tsitsi wa pafupi nafe. Zidziwitso za maliro zikayamba amatambasula dzanja n'kuchepetsa mawu, ndipo ine sindimufunsa.